Mutu 6: Dzanja la pa Ndodo Yachiwiri

1. Lamulo la Mayi Blanka

Ndege ya Vendula ndi bambo ake inabadwira m'galaja. Galimoto ya banjali inagona panja zaka zonsezo, mvula ndi chisanu zikuikwapula, chifukwa malo ake anatenga ndi mapiko. Anthu a mumsewu wawo ankaseka kuti Bambo Radim akukhoma khola la nkhuku lamakono. Koma tsiku limene anaitulutsa, yoyera mbee, ya mipando iwiri, osekawo ndi amene anayamba kupempha kuti ajambulitse nayo.

Vendula anali ndi zaka 17. Anali wamfupi, wochepa thupi, koma pakamwa pokha ayi. Laisensi yoyendetsera ndege zing'onozing'ono anali atangoitenga kumene. Pabwalo la udzu la ku Lhota, pamene kalabu yathu imasunga ndege zake, aliyense ankadziwa kuti mtsikanayu akamatera matayala amachita kunong'ona pa udzu. Mwiniwakeyo ankadziwanso zimenezo, ndipo sankabisa.

Chaka chilichonse sukulu zikangotsekera, ndege za kalabu zimanyamuka pamodzi kupita kunyanja yamchere, ku Croatia. Ife a ku Morava nyanja tilibe, ndiye musatifunse chifukwa chake timapenga nayo chonchi. Kuyambira ali kamwana, akugwirira bambo ake malata m'galaja muja, Vendula anali ndi lonjezo limodzi. Ndegeyo ikadzatha adzaiyendetsa yekha mpaka kunyanja, iye kumpando wakumanzere, wa woyendetsa, bambo ake kumanja.

Chaka chimenecho chinali chitakwana. Koma panali mayi ake, Mayi Blanka.

"Ndimvereni nonse awiri," anatero mayiwo tsiku lina akukanda ufa wa makeke, osatembenuka n'komwe. "Ine sindiletsa mwana kuuluka. Ndikanafuna kuletsa, galaja ija ndikanaiyatsa moto kalekale. Koma ulendo umenewu ndi wautali, wodutsa mapiri. Mwandiuza nokha kuti pamwamba pa nyanja kukachita nkhungu, madzi ndi thambo zimaoneka chimodzimodzi, munthu osadziwanso kuti kumwamba n'kuti. Iwe Radim, maso akowo ndikuwadziwa, umasakasaka magalasi ali pamphuno. Ndiye ngati m'ndegemo mulibe mlamu, ndipo Bambo Holub oyeza ndege aja sanasayine kuti mlamuyo ali bwino, mwana wanga sapita. Ndatha ine."

Mlamu ndi dzina limene anthu apabwalo anapatsa otopailoti, makina aja amene amakugwirira ndodo yowongolera ndege kuti mapiko akhale molingana, iwe ukupumitsa mkono kapena kuwerenga mapu. Amati ndi mlamu chifukwa kuthandiza amathandiza ndithu, koma nyumba yako sungamusiyire.

Mayi Blanka akati atha, amakhala atathadi.

2. Alamu awiri

"Ndege ndi yako, Vendulka," anatero bambo ake. "Mlamu usankhe wekha."

Vendula sanachite chibwana. Nyengo yonse yachisanu anawerenga, anafunsa, anayeza malo a pansi pa mipando. Anasankha mlamu wamng'ono, wopangidwira ndege zopepuka ngati yawo. Anali ndi timamota tiwiri, kena kogwira mapiko, kena kogwira mphuno ya ndege kuti isakwere kapena kutsika yokha. Koma ataimbira foni ogulitsa, anamuuza kuti katundu watha ndipo wina afika mu Ogasiti.

Ulendo unali wa kumayambiriro kwa Julayi.

Vendula anakhala pansi m'shedi ya ndege, atatsamira tayala, nkhope ili ndwii. Mpamene anatulukira amalume Luboš.

Umalume wake sunali wa magazi ayi. Luboš anali mnzawo wa Bambo Radim kuyambira ku pulayimale, makaniko wa mathirakitala, chimunthu cha mikono ngati mitondo. Ndiye anawotcherera zitsulo zogwira injini ya ndegeyi, ndipo atafuna kumulipira anakwiya sabata yathunthu. Vendula ankamukonda kwambiri.

"Kampheta, wafedwa?" anafunsa ndi mawu ake ogwedeza malata. "Tadzuka apo uone chimene amalume ako akubweretsera."

Anaika pansi bokosi lokutidwa ndi bulangeti. M'katimo munali mlamu, wakale koma wowala, timamota take tonenepa bwino.

"Ndinamuchotsa m'ndege yanga yakale, chindege cholemera chija. Wandiyendetsa zaka ndi zaka osadwala ngakhale chimfine. Ndi mphatso yako ya laisensi. Ukangonena za ndalama, ndikuponya pamwamba pa shedi."

Vendula analumpha n'kumukumbatira m'khosi, miyendo ili lendelende. Nyanja ija inali itabwerera!

Ntchito yomanga anayamba tsiku lomwelo. Pansi pa mipando ndi pothina, ndiye wokwawiramo anali Vendula, tochi ali nayo kukamwa. Akulumikiza kamota ndi chitsulo chopita ku ndodo, anaima.

"Amalume, apa si payenera kukhala kabawuti kamkuwa? M'mabuku onse akutero. Apa pali chibawuti chachitsulo."

Luboš anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Kamkuwa! Zachibwana zimenezo, mwana iwe. Anthu opanga zinthuzi amaika dala kofooka kuti tizigula tsiku ndi tsiku. Kanga kankathyoka mphepo ikangovuta pang'ono, mlamu n'kusiya ntchito ndili m'mwamba. Ndinatopa nako. Ndinakuza bowo, n'kuikapo chitsulo chenicheni. Kuyambira pamenepo, zii! Chimenechi sichidzathyoka mpaka iwe udzachite imvi."

Vendula anasuzumira kunja kuti aone nkhope ya bambo ake. Bambo Radim anangokweza mapewa.

"Luboš wauluka nacho zaka zonsezi, ndipo nayu ali moyo, akudya kuposa tonsefe," anatero.

Vendula anachiyang'ana chibawuticho kanthawi. Kenaka anatenga sipanala n'kuchimanga mpaka gwa. Tisanamizane, ankadziwa kuti china chake sichili bwino. Koma nyanja ankaifuna.

3. Bambo Holub achenjeza

Loweruka lomaliza ulendo usanachitike, pabwalo panadzaza. Ena ankatsuka ndege zawo, ena ankawotcha masoseji kuseri kwa shedi, utsi uli tolotolo. Mayi Blanka anabwera ndi thireyi ya makeke a mapulamu, akuti adzaone ndi maso awo.

Bambo Holub anafika pa njinga yawo yakapalasa. Ndiwo amayeza ndege zonse zopanga tokha m'dera lino, ndipo popanda dzina lawo papepala palibe chatsopano chimene chimaloledwa kuuluka. Anali okalamba, maondo atawatha, moti zokwawa pansi pa mipando anasiya. Anali ndi njira yawoyawo yoyezera mlamu.

Anaizungulira ndege ija mwakachetechete, akugogoda apa ndi apo. Kenaka anaima pamaso pa Vendula.

"Wasankha mlamu ndani?"

"Ndine, Bambo Holub."

"Chabwino. Ndiye ndilankhula ndi iwe, enawa angomvera nawo."

Anakhala pa chitini cha mafuta n'kuwongola mwendo.

"Anthu akamagula mlamu amandifunsa kuti, kodi ndi wamphamvu? Kodi amatsata njira yekha? Kodi ali ndi magetsi okongola? Ha! Palibe amene amafunsa funso lenileni. Funso ndi ili: tsiku limene mlamu adzapenge, kodi ndidzatha kumulanda ndodo? Chifukwa kupenga adzapenga, mwana wanga. Mwina osati chaka chino, mwina osati chamawa, koma ndi makina. Waya amaduka, madzi amalowa, mano a kamota amalumana.

"Undiuza kuti pali batani lofiira pa ndodo lomuzimitsira. Zoona, lilipo. Koma batani limangodula magetsi. Mano a kamota akalumana, ungadine mpaka chala kutupa, ndodo ili nji! Pamenepo chotsala ndi mkono wako basi. N'chifukwa chake mlamu wabwino amapangidwa kuti agonje. Ukamukankha, amaterereka. Akakana kuterereka, pali kabawuti kamkuwa kamene kamathyoka, ndodo n'kubwerera m'manja mwako. Kufooka kwa kabawuti kameneko si kulakwitsa ayi. Ndiye ntchito yake imeneyo."

Anyamata awiri amene ankatsuka ndege pafupi anasiya zidebe n'kusendera.

"Ndinamudziwa munthu wina, kutali ndi kuno," anapitiriza Bambo Holub. "Woyendetsa wabwino kuposa tonse tili pano. Mlamu wake analuma ali pafupi kutera, phiko lamanzere litapendekeka pang'ono pokha. Pang'ono pokha! Ndege inayamba kuzungulira, iye akulimbana ndi ndodo, ife pansi tikuonerera ngati zitsiru, chothandiza palibe. Anagwera m'munda wa balere. Moyo anapulumuka, koma mpaka lero amayenda pa njinga ya olumala, ndipo ndege akaimva kumwamba amatseka zenera.

"Ndiye ine sindiyeza mlamu ndi mkono wa Luboš, amene anganyamule ng'ombe. Ndimamuyeza ndi mkono wa munthu wochepa mphamvu kuposa onse amene adzayendetse ndegeyo. Pano munthu ameneyo ndi iwe. Usachite nazo manyazi. Ndege siiona kukula kwa mkono, imaona ngati ndodo ikumvera mwini wake. Wamva?"

"Ndamva, Bambo Holub."

"Kwera."

4. Ndodo ikana

Vendula anakhala kumanzere n'kumanga malamba. Bambo Radim anakhala kumanja kuti aziyatsa ndi kuzimitsa makina, jekete lawo lili pamiyendo. Ndege ya mipando iwiri imakhala ndi ndodo ziwiri zolumikizana, ina pakati pa maondo a woyendetsa, ina pakati pa maondo a mnzake. Ukasuntha imodzi, inzake imasunthanso.

Bambo Holub anakaima kumapeto kwa phiko, maso ali pa kaphiko kakang'ono kamene kamakwera ndi kutsika ndodo ikasuntha.

"Yatsa mlamu, Radim. Eya. Tsopano iwe mtsikana, mlamu wagwira ndodo. Mulande. Kankhira kumanzere."

Vendula anakankha. Ndodo inali ngati yamera mizu.

Anabweretsa dzanja lachiwiri.

"Limodzi!" anakuwa Bambo Holub. "Linalo limakhala pa chowonjezera moto wa injini. Kumwamba sudzakhala ndi manja atatu."

Anakankhanso ndi dzanja limodzi, mano ataluma, phewa likunjenjemera. Thukuta linatsikira m'maso. Anthu onse anali atasiya masoseji n'kuzungulira ndege. Mayi Blanka anaima kumbuyo, thireyi ili m'manja.

"Limba, Kampheta!" anakuwa Luboš. "Wadya chiyani m'mawa, mpweya?"

Mwadzidzidzi ndodo inapepuka. Pansi pa mpando kamota kanalira kuti krrr, ndodo n'kupita kumanzere mpaka kumapeto. Kaphiko kaja kanakwera.

Anthu anawomba m'manja. Wina anaimba likhweru.

"Mwaona?" Luboš anamenya mnzake wapafupi pamsana mpaka kutsokomola. "Kachepa thupi koma ndi kachitsulo!"

Koma Vendula sanasekerere. Mkono wake ankaudziwa, ndipo mphamvu imeneyo siinali yake. Anayang'ana pansi chakumanja. Pansi pa jekete, dzanja la bambo ake linali litagwira ndodo yachiwiri m'munsi mwenimweni, pamene munthu woima panja sangaone.

Bambo Radim sanamuyang'ane. Analankhula motsitsa, milomo yokha ikugwedera.

"Khala chete, Vendulka. Ine ndidzakhala pambali pako ulendo wonse. Palibe chidzachitike."

Kunja Bambo Holub anali atatulutsa kale cholembera m'thumba la malaya, pepala atalitsamiritsa pa phiko. Dzina limodzi lokha, basi, Lachitatu m'mawa Vendula akanakhala ali m'mwamba, mphuno ya ndege italoza kunyanja.

"Bambo Holub," anaitana Vendula. "Musasayine kaye."

Cholembera chinaima.

"Tati, tatsikani," anauza bambo ake.

"Vendulka..."

"Tatsikani, Tati, chonde. Ndikufuna ndiyese ndili ndekha."

Bambo Radim anamasula malamba n'kutsika, nkhope ili psuu. Anaima pafupi ndi phiko, jekete lili m'manja, maso pansi.

Vendula anayatsa yekha mlamu. Anagwira ndodo ndi dzanja limodzi n'kukankha ndi mphamvu zake zonse. Anakankha mpaka misempha ya m'khosi kuoneka. Anapuma, anakankhanso. Kaphiko kaja sikanagwedezeke ngakhale pang'ono.

Mmodzi wa anyamata aja anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Vendula anasiya ndodo, anaimirira pampando kuti aliyense amuone bwino, n'kulankhula mokweza ngati akuwerenga m'kalasi.

"Mwaona nonse. Sindingathe. Mlamu uyu ndi wamphamvu kuposa ine, ndipo sindimufuna m'ndege yanga."

5. Chitsulo ndi mkuwa

"Poyamba paja ndinamuthandiza ndine," anatero Bambo Radim asanafunsidwe. "Ndinagwira ndodo inayo."

Mayi Blanka anaika thireyi pa udzu pang'onopang'ono. Mmene anawayang'anira amuna awo, aliyense anadziwa kuti nkhaniyi ikathera kunyumba.

Luboš ndiye analephera kupirira.

"Koma abale, vuto lili pati? Radim adzakhala pompo ulendo wonse! Mlamu akavuta, akankha awiri. Kampheta, ukutaya nyanja chifukwa cha masewera a nkhalambayi?"

"Ulendo uno adzakhalapo, amalume," anayankha Vendula. "Nanga mu Seputembala, ndikamadzauluka ndekha? Ndidzaimika ndege m'mwamba kuti ndiwaimbire foni? Ndipo ngakhale ali pompo, mlamu akadzapenga iwo akusakasaka magalasi?"

Anthu anaseka, ngakhale Bambo Radim anamwetulira monyinyirika. Luboš yekha ndi amene sanaseke.

"Ndiye mphatso yanga ndi yoipa?"

"Mphatso yanu ndi yabwino, amalume, ndipo sindidzaiwala. Koma munaipangira mkono wanu ndi chindege chanu chija. Ine mkono wanga ndi uwu." Anaukweza m'mwamba, wowonda, wofiira chifukwa cha kukankha. "Wina sindigula."

Bambo Holub anali akukanda chibwano.

"Chikundidabwitsa n'chimodzi," anatero. "Anthu awiri mwakankha chonchija, kamota mpaka kulira. Kabawuti kamkuwa kanayenera kuthyoka. Sikanathyoke bwanji?"

"Chifukwa kulibe!" anatero Luboš monyadira. "Ndinaikapo chitsulo. Zamkuwazo n'zachibwana."

Bambo Holub anabweza cholembera m'thumba n'kutseka batani la thumbalo.

"Luboš, manja ako ndi agolide, aliyense pano akudziwa. Thirakitala ikathyoka chitsulo, umaika chokulirapo, ndipo umakhoza. Koma thirakitala ikakana kukhota umangoiimika n'kutsika, n'kuyatsa fodya. Ndege ilibe poimika. Chimene chinkathyola kabawuti kako si kufooka kwake, kanali kukuuza kuti penapake pakulimba mopitirira. Iwe m'malo momvera unakatseka pakamwa. Mlamu uyu sindimusayinira, kaya m'ndege muli Vendula, kaya muli chimphona. Ndipo bowo unalikuza kale, kamkuwa sikangakwanenso. Achotsedwe lero."

Luboš anatukwana chapansipansi, anakankha chidebe ndi phazi, n'kulowera kuseri kwa shedi.

Anthu anabwerera ku masoseji awo mmodzimmodzi. Vendula anatsika n'kupita kwa mayi ake. Sanapemphe kuti lamulo lisinthe, ndipo mayi akewo sanalisinthe.

"Ukudziwa kuti basi supita?" anafunsa Mayi Blanka.

"Ndikudziwa, Mami."

"Wa mu Ogasiti uja ukamuitanitse Lolemba." Anamupukuta thukuta pachipumi ndi chikhatho, chinthu chimene anasiya kuchita Vendula ali ku pulayimale. "Idya keke. Wanjenjemera mokwanira."

6. Sipanala

Masana, dzuwa litapendeka, Vendula anapeza bambo ake atakhala okha pansi pa phiko, bokosi la zipangizo lili pambali. Anakhala nawo pa udzu. Uko ena anali akuyala mapu pa tebulo, akukangana za njira ya Lachitatu, mayina a zilumba akumveka mpaka kuno. Zinamuwawa Vendula, zinamuwawa kwambiri, ndipo misozi inatsika iye osaipukuta.

"Ndinkangofuna kuti uione," anatero Bambo Radim. "Unali kamwana kosafika pa tebulo la m'galaja pamene ndinakulonjeza. Nditaona ndodo ikukana, dzanja linangopita lokha."

"Ndikudziwa, Tati."

"Ndachita manyazi lero. Osati chifukwa cha anthuwa ayi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuphunzitsa kuti pa ndege sitinama, ndiye wonama woyamba m'ndege yathu n'kukhala ine."

Vendula anatsamira phewa lawo.

"Nyanja sithawa. Chaka chamawa mudzakhala kumanja, manja onse awiri ali pamwamba pa jekete, pamene ndikuwaona."

Bambo Radim anaseka, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Anatsegula bokosi, anatenga sipanala n'kumupatsa.

"Unachimanga wekha. Kachimasule wekha, kaputeni."

Aka kanali koyamba kumutchula choncho. Vendula anakwawira pansi pa mipando, tochi kukamwa, ndipo chibawuti chija chinamasuka mosavuta kuposa mmene chinamangikira.

Akutuluka chafutambuyo, anagunda miyendo ya munthu. Anali amalume Luboš. Bambo Radim anali atapita kukathandiza akazi awo kunyamula thireyi ija. Lero mkwiyo wa Luboš sunakhalitse, ndipo tsopano ankaoneka ngati galu wamkulu amene waswa mbale.

"Kampheta, usandide. Pakamwa pangapa umapadziwa."

"Sindikudani, amalume."

"Tamvera. M'ndege yanga yatsopano mpando wakumanja uli chabe, mkazi wanga akuti nyanja anaiona kale pa TV. Tiye ndi ine. Si ndege yako, ndikudziwa, koma tikadutsa mapiri ndikupatsa ndodo, uiyendetse wekha mpaka tione madzi. Mayi ako sangakane, mlamu alimo, ndipo nkhalambayi inasayina yokha chaka chatha."

Vendula anadzuka msangamsanga. Nyanja! Lachitatu lomweli!

Luboš anatola chibawuti chija m'chikhatho cha mtsikanayo, anachiponya m'mwamba n'kuchiwakha. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anawerama n'kutsitsa mawu.

"Koma za chitsulo ichi mukulakwa nonse. Atangosayina, ndinapita kunyumba n'kuchotsa timkuwa take tonse tiwiri. Muli zitsulo ngati chimenechi, ndipo ndege ikuyenda ngati sitima. Izi ndi za iwe ndi ine, wamva? Nkhalambayi ikamva, indiletsa kunyamuka, ndiye tonse awiri nyanja tiiphonya."

Anamutsinzinira diso, anaika chibawuticho m'thumba, n'kumapita akuimba likhweru.

Vendula anatsala chiimire, sipanala ili m'manja. Anayang'ana msana wa amalume ake. Kenaka anayang'ana kuchipata, kumene Bambo Holub anali atayamba kale kumasula njinga yawo pampanda.